Tsiku Limene Ndinaswa Chigaza cha a Dokotala Kayuni

1995: Njinga, sikelo ndi pakamwa

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha, chifukwa palibe chanzeru chimene ndinachita kupatula kuweta mbuzi ndi kumenyana. Mutu uno ndi wa ntchito, makamaka wa tsiku limene ndinatsala pang'ono kuphetsa munthu wosalakwa ndi pakamwa pangapa. Amayi anu nkhaniyi amaifotokoza mwawo. Ine ndiifotokoza mmene ndinaionera, ndi zina zimene iwo sakuzidziwa.

Ndinalembedwa ntchito ya ulangizi wa zaumoyo mu 1995, patangotha chaka chimodzi chichitikire chisankho cha zipani zambiri. Satifiketi yanga ya Fomu 4 sinali yoti n'kuipachika pakhoma, koma inakwanira. Atatiphunzitsa masabata angapo ananditumiza cha ku Thambani, kumudzi wa kumunsi kwenikweni, kumene dziko limatsetsereka kulowera ku Chikwawa. Dzina la mudziwo sindilemba, poti ena mwa anthu a nkhaniyi akadali moyo ndipo ena ndi abale anu. Anandipatsa njinga yakapalasa, sikelo yoyezera ana ndi buku la kaundula. Abwana anga anali a Kamwendo, bambo wamfupi, wofatsa mpaka kunyansa. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Iwe Lakisoni, kolorini wothira m'madzi amabwera mwa apo ndi apo, matayala a njinga uzidzionera wekha. Chimene uli nacho chochuluka ndi pakamwa. Ntchito yonse ndi imeneyo." Pakamwa ndinali napodi. Nyumba yopanda chimbudzi ndinkaima pabwalo n'kukuwa, "Kumbani! Mukudikira boma lidzakukumbireni?" Pasanathe miyezi itatu dzina langa linasowa, mudzi wonse unkanditchula a Kumbani, ndi amayi anu omwe pamene ndinkawafunsira.

Chimene chinkandikalipitsa chinali mantha. Dzinja langa loyamba ndinaona bambo wamphamvu, wolima yekha munda waukulu, akutha ndi kolera pakati pa m'mawa ndi madzulo. Ndinamunyamula ine pamachila. Kuyambira tsiku limenelo madzi a mumtsinje ndinkawaona ngati njoka. Bungwe lina litabwera kudzakumba mjigo mu 1997 ndinavina pamaso pa anthu, ndipo mawa lake ndinadula minga n'kutseka zitsime zonse za m'dambo. Mayi wina ndinamutayira ndowa yake pansi. Madzi a pamjigo anali oyera mbee, ozizira, ochokera pansi patali. Kolera anachepa. Ndinkayenda ndi mapewa m'mwamba.

2003: Dokotala wa miyala

Tadala, iwe unabadwa mu 1996, ndipo kuyambira uli ndi chaka chimodzi madzi ako onse anali a pamjigo umenewo. Mano ako a ukulu atayamba kutuluka anabwera ndi mawanga, poyamba oyera ngati choko, kenako ofiirira ngati wina wawapaka dzimbiri. Si iwe wekha, anzako ambiri anali otero. Ine ndinkakalipira azimayi pasikelo kuti ndi auve, sagula miswachi. Iweyo ndinakukwapulapo kawiri poganiza kuti umathawa kutsuka mkamwa. Undikhululukire mwana wanga, bambo ako anali mbuli yovala yunifomu.

Mu Ogasiti 2003 a Kamwendo anandiitanira kuofesi kwawo. Pabwalo panali galimoto yoyera, ndipo pafupi nayo panaima mayi wamtali, wowonda, wovala buluku ndi jombo, hamala yaing'ono ili m'chiuno. A Kamwendo anati amenewa ndi a Dokotala Kayuni ochokera kusukulu ya ukachenjede, kwawo ku Karonga, ndipo ine ndiziwaperekeza. Ndinawafunsa mayiwo ngati abwera ndi mankhwala.

"Sindine dokotala wa m'chipatala," anatero. "Ndine dokotala wa miyala."

Ndinaseka mwachipongwe. "Miyala imadwala chiyani, mayi?"

"Miyala sidwala, a Kumbani. Imadwalitsa."

Mawa lake ananditengera kukhwawa la kumunsi kwa mudzi, kumene madzi anagumula gombe n'kusiya khoma la mwala wofiira. Ine ndinali nditadutsapo kambirimbiri. Iwo anagwada, n'kupukuta ndi kaburashi, ndipo m'mwalamo munaoneka chinthu chokhala ngati nthiti. Anati ndi fupa la nyama imene inatha kalekale munthu asanakhaleko padziko, ndipo pokhala pansi zaka zosawerengeka fupalo linamwa mchere wa m'madzi a pansi mpaka linasanduka mwala. Mcherewo anautchula kuti fulorayidi. Umachokera m'miyala ina ya pansi pathupa, anatero, madzi akamadutsamo amautenga. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano, ukachuluka umawaononga, ndipo pakapita zaka zambiri umatha kuumitsa msana ndi kupinda miyendo. "Fupa la nyama iyi ndi dzino la mwana wanu zimamwa mofanana. Ndikayeza mwala, madzi, fupa lakale ndi dzino la mwana, ndidziwa kumene mcherewu ukuchokera." Ndinawafunsa madzi ake ati. Anandiyang'ana, n'kuloza kumtunda kumene kunali mjigo wanga. Tsiku limenelo ndinafika kunyumba n'kukugwira msana ngati ndikukusisita, koma ndinkafufuza ngati wayamba kuuma.

Tinaitanitsa msonkhano tsiku la sikelo, pansi pa mtengo wa mango. Chichewa cha a Dokotala chinali cha kumpoto, chokwanira kupereka moni ndi kugula tomato, ndiye zovuta ankanena m'Chingerezi ine n'kumamasulira. Zinkayenda bwino mpaka anatchula mawu akuti fosilo, dzina la mafupa osanduka miyala aja. Ndinafufuza m'mutu mwanga, m'Chichewa mawu ake munalibe. Munthu wodekha akanafotokoza pang'onopang'ono monga anandifotokozera ine kukhwawa. Koma dzuwa linkawotcha, ana ankalira, azibambo ena ankasokosera kumbuyo, ndipo ine mtima unali utakwera kale. Ndinadula nkhani: "Akuti akufuna mafupa a akale amene ali pansi, komanso mano a ana anu."

Ndinkafuna kunena mafupa akale. Lilime linaonjeza ka "a" kamodzi. Kumudzi kuja ukati akale ndiye kuti ukunena makolo amene anagona kumanda. Phokoso lonse linatha, ngakhale ana anakhala ngati amva. A Dokotala anamwetulira poganiza kuti anthu akumvetsera bwino. Ine ndinazindikira pomwepo kuti ndaphonya, koma kubweza mawu pagulu ndinkakuona ngati kuvula malaya, ndiye ndinapitirira.

Amene anayamba kulankhula anali amayi a Eneresi, mayi wa pakamwa ngati ine ndemwe. "A Kumbani, dzino la mwana likaguluka timaliponya padenga kuti khwangwala atenge, abweretse latsopano. Tikapereka kwa alendowa, khwangwalayo timupatsa chiyani?"

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Tonse tinkadziwa chifukwa chenicheni chimene dzino, tsitsi ndi zikhadabo za mwana sizipita m'manja mwa mlendo: zimasanduka chizimba cha mankhwala oipa. Ine ndinapsa mtima. "Khwangwalayo anapita kusukulu iti? Mukufuna ana anu apindike misana?" Dzino lako, Tadala, linali litaguluka dzulo lake, ndipo ndinali nditalisunga m'kabokosi ka machesi amayi ako asakudziwa. Ndinalitulutsa pamaso pa onse n'kulipereka. M'masiku otsatira azimayi ena, ndi amayi a Eneresi omwe, anabweretsa mano a ana awo, osati chifukwa anamvetsa, koma chifukwa makhadi a sikelo ankadutsa m'manja mwanga ndipo ankandiopa. Dzino lililonse linalowa m'kaenvelopu kake, dzina la mwana pamwamba.

Nthawi yake inali yoipa. Mphekesera za anamapopa, opopa anthu magazi aja, zinali zisanazizire, ndipo m'mabasi anthu ankanong'onezana za ziwalo za anthu zowolotsedwa pamalire kupita ku Mozambique. Kenako iwe unadwala. Anali malungo wamba, ndinakumwetsa fansida, koma amayi ako anandigwira malaya pakhomo. "Dzino la mwana wanga lili kuti, bambo a Tadala? Mwamugulitsa mwana chifukwa chokwera galimoto?" Ndinawakalipira, iwo anakalira kwa achimwene awo, alamu anga a Zuze, amene ankaotcha kanyenya pamsika. Zimene zafika pachiwaya cha kanyenya zafika paliponse. Pofika Lachinayi anthu ankati dzina lakelo ndi Kumbani, tinkayesa akunena zimbudzi, chonsecho ankanena manda.

2003: Lachisanu, kukhwawa

A Dokotala sankadziwa kanthu, ndipo ine sindinawauze, poopa kuti afunsa chimene chayambitsa. Sabata yonse anali akukumba chinthu chimodzi ndi kansingano ndi kaburashi. M'mawa wa Lachisanu chinatuluka chonse: mutu wa nyama, waukulu ngati dzungu laling'ono, nsagwada ndi mano zili momwemo. Anaukuta mbali imodzi ndi pulasitala woyera, wofanana ndi womangira mwendo wothyoka, n'kuugoneka m'bokosi pa ziguduli. Mayi wosaseka uja ankaimba kanyimbo ka kwawo.

Dzuwa lili pamutu tinamva wezulo, kenako mikuwo, kenako phokoso la mapazi ambiri pamasamba ouma. Dalaivala wathu, a Matiki, anathamangira kugalimoto, ife tili pambuyo ndi bokosi, koma pokhota pomwepo tinapeza njira yatsekedwa ndi zipika. Anthu anatsika gombe mbali zonse ziwiri. Zikwanje, mipini, miyala. Munthu wina amene ana ake ndinawabaya katemera ine anali atanyamula tayala paphewa, mnzake chigubu cha petulo. Chiphokoso cha petulo akukhuthukira uku ndi uku m'chigubumo ndimachimvabe mpaka lero.

Kutsogolo kunali a Zuze. Anandikokera pambali, fungo la utsi wa nyama lili m'malaya. "Alamu, inu ndinu athu, anakupusitsani. Kwerani apa mupite kwa mkazi wanu, musacheuke. Ife tikufuna mayiyu ndi bokosi lake."

Ana anga, sindikunamizani. Ndinayenda. Mapazi atatu, mwina anayi, anthu akundipatukira. Buluku langa linanyowa, si thukuta ayi. Ndiye ndinamva kumbuyo mawu aja a kumpoto: "A Kumbani, awuzeni. Chonde awuzeni." Ndinacheuka. Anali atatsamira galimoto, atakweza m'mwamba makalata a chilolezo a ku boma, popanda ndi mmodzi yemwe wofuna kuwerenga. Ankapempha pakamwa pomwe paja pamene panawaika m'dzenjemo. Ndinabwerera. Kulimba mtima kunalibepo, ndinangoona kuti akawaotcha ndidzakhala ndikumva fungo lake moyo wanga wonse.

Bokosi lija anthu anali atalitsegula kale. Ataona mano ndi maenje a maso, zoyera zitakuta ngati nsalu ya maliro, azimayi anakuwa. "Chigaza! Chigaza cha munthu!" Mwala woyamba unaswa galasi la galimoto, wachiwiri unawapeza a Dokotala pamwamba pa diso. Wa tayala uja anayandikira. Ndinayesa kufotokoza za nyama zakale, koma amene wanama kamodzi ndi mawu samupatsanso khutu. Ndiye ndinasolola hamala m'chiuno mwa a Dokotala, n'kunyamula mutu uja kuuika pathanthwe.

Anandigwira mkono, magazi akutsikira m'diso. "Ayi a Kumbani, chimenecho ayi. Swani china."

"China sakuchiopa, mayi!"

Ndinamenya. Kunalira ngati khasu lagunda mwala, ngwee, ndipo anthu a kutsogolo anadzidzimuka. Kachiwiri kunathetheka moto. Kachitatu mutu unang'ambika pakati, zidutswa kumwazikana. M'kati munalibe mphako, munalibe fungo, munali mwala wokhawokha wonyezimira ngati shuga. Apa mkwiyo wanga unandithandiza kwa nthawi yoyamba m'moyo. Ndinatola chidutswa cha nsagwada n'kuchikankhira pachifuwa pa alamu anga. "Zuze! Iwe umaswa mafupa a mbuzi tsiku ndi tsiku. Luma ili! Yamwa mafuta ake tione!"

Anachilandira, dzanja linatsika ndi kulemera. Anachinunkhiza, anachigogoda ndi chikwanje chake, chikwanje n'kubenthuka kukamwa. Anayang'ana chikwanjecho nthawi yaitali. "Ndi mwala uwu," anatero motsitsa. Wina kumbuyo anati, "Agogo ako ndiye anali ndi mano otero?" ndipo anthu angapo anaseka. Ndinayamba kupuma.

"Nanga mano a ana athu?" Anali amayi a Eneresi. "Nawonso ndi miyala?"

Phokoso linabwerera, loposa poyamba, chifukwa tsopano anali azimayi. A Dokotala anandinong'oneza kuti popanda manowo sangasonyeze kuti mcherewo ukulowadi m'matupi a ana, ntchito yawo ikhala ya theka. Ndinati, "Mayi, sankhani msanga, mano kapena moyo." Anatsegula chikwama okha n'kundipatsa mtolo wa timaenvelopu. Ndinakwera pachipika n'kuyamba kuitana mayina monga ndinkachitira pasikelo. Mayi aliyense ankabwera, kutsegula, kuyang'ana, kumanga pansonga ya chitenje n'kubwerera. Gulu linkaphwa pang'onopang'ono. M'manja mwanga munatsala tiwiri, ka Eneresi ndi kako. Nditagwira ka Eneresi ndinamva kuti n'kopepuka. Kanali katang'ambika pakona, dzino litagwa, kaya m'chikwama, kaya mumchenga umene anthu onsewo anaupondaponda. Amayi ake anali akubwera, dzanja atatambasula kale. Wa chigubu anali asanachoke.

Ndinadzigwetsa dala pachipikapo ngati ndaterereka. Ndili pansi ndinang'amba kaenvelopu kako, n'kulowetsa dzino lako mu ka Eneresi. Mayiyo analitembenuza pachikhatho, analiyang'ana, anandiyang'ana ine. Kenako anamanga pachitenje. "Ndipo musadzayambirenso," anatero.

"La Tadala lili kuti?" anafunsa a Zuze.

Ndinamenya thumba la malaya. "Lili muno. Mwana ndi wanga, ndikaponya ndekha." Amayi anu ndinawauzanso chimodzimodzi madzulo ake, kuti ndaponya kale. Akawerenga pano ndi pamene adziwe kuti dzino la mwana wawo linakagwera padenga la eni.

Zipika anazichotsa okha. Tinauyamba ulendo wa ku boma, mphepo ikulowera pagalasi losweka, a Matiki akupemphera chamumtima milomo yokha ikugwedezeka. A Dokotala anali atatola zidutswa zimene anakwanitsa, atazifukata pamiyendo m'chipewa chawo. Titaponda msewu wa tala anati, "Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikufunafuna mutu wathunthu ngati umene uja."

"Ndiye mukanakonda kupsa nawo?" ndinawakalipira.

"Sindikukudzudzulani. Mwandipulumutsa. Ndikungofuna mudziwe chimene mwaswa." Anapukuta diso. "Koma chinthu chimodzi chikundizunguza. Anthu aja anatilandira bwino. Pamsonkhano paja munawauza kuti chiyani?"

"Zomwe munanena, mayi."

Anagwedeza mutu, anandikhulupirira. Anawasoka pachipatala, ndipo mawa lake anabwerera kwawo. Kumudzi kuja sanadzapondenso.

2004: Kalata

Mabotolo a madzi a pamjigo, amene a Dokotala anatunga kuti akayeze, ndi okhawo amene anapulumuka, poti anali pansi pa mpando wa galimoto. Chakumayambiriro kwa 2004 kalata zinafika ziwiri kuchokera kwa a Dokotala. Ya Chingerezi inapita kwa a Kamwendo, ndipo iwo anaitumiza kumtunda kwa akuluakulu monga mwa dongosolo. Inayo inali yanga, yolembedwa m'Chichewa chosavuta, zikuoneka kuti anapeza wowathandiza. Inati mchere uja m'madzi a pamjigo ndi wochuluka kuposa woyenera, ana aang'ono asamamwe tsiku ndi tsiku, ndi bwino kukonza chitsime chimodzi cha m'dambo, kuchisamala ndi kumathira kolorini. Pamapeto anapempha kuti ndiitane msonkhano ndiwawerengere anthu, mawu ndi mawu, poti ine amandimvera.

Ndinapita nayo pansi pa mango paja masiku atatu a sikelo, ili m'thumba. Nthawi iliyonse ndikati ndiitulutse ndinkaona nkhope zomwe zija, ndinkamva petulo m'chigubu, n'kuisiya m'thumba momwemo. Ndikanayamba bwanji? Kuti mjigo umene ndinakukakamizani ndi umene ukuononga ana anu, ndipo wanena ndi mayi wa chigaza uja? Inuyo ndinayamba kukutungirani madzi kutali panjinga, n'kumawiritsa. Ana a eni ndinawasiya. Mwezi wa Juni ndinapempha kusamutsidwa, ndipo a Kamwendo anasaina osandifunsa chifukwa. Zaka zotsala zonse mpaka kupuma ndinagwirira pa boma. Mjigo uja ndinamva kuti unadzawonongeka wokha patapita zaka, anthu n'kubwerera kudambo.

Masiku ano ndikakhala pa depoti ya maminibasi ndimakumana ndi anyamata ndi atsikana a kumudzi kuja, akuluakulu tsopano, ena ali ndi ana kumsana. Amandizindikira patali. "A Kumbani! Muli moyo?" Amandithamangira ndi chimwemwe chenicheni, poti ndine amene ndinawayeza pasikelo ali makanda, ndipo amaseka pakamwa ponse, mano ofiirira aja ali poyera. Ine ndimayankha moniyo ndikuyang'ana nsapato zawo.